Sukulu ya Mlendo Wamfuti

Kodi mlendo angakope mitima ya anthu ovutika ndi nkhondo powamangira sukulu? Funso limeneli limandisautsa ndikaganiza za dziko la Afghanistan. Kuyambira m'chaka cha 2002, asilikali a ku America ndi anzawo adamanga sukulu m'zigawo zambiri kumeneko pofuna kuti eni nthaka awakhulupirire. Ana miyandamiyanda, atsikana omwe, adayamba kuphunzira. Ubwino umenewu sindingaukane.

Komatu makolo sapusa. Ankaona kuti dzanja lopereka choko ndi lomwelo logwira mfuti. Nawo a Taliban ankatentha sukulu zotere pozitenga ngati katundu wa adani. Zimene eni mudzi ankaziteteza kwambiri ndi zija adaziyambitsa okha m'nyumba ndi m'mizikiti, mphunzitsi ali mwana wa pomwepo.

Ntchito ya m'boma yandiphunzitsa kuti anthu amasamala chinthu chimene adafunsidwa chisanabwere. Paja mlendo ndi mame. Asilikali aja adachoka m'chaka cha 2021, ndipo lero atsikana kumeneko saloledwa kupitirira kalasi 6. Chotsamira mfuti chimagwa mfutiyo ikachoka.

Choncho ine ndikuti sukulu izimangidwa chifukwa cha mwana basi. Ikasanduka nyambo, makolo sachedwa kuona mbedza.