Za Mphotho ya Omanga

Taonani, abale, mzinda wa Lilongwe unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kufikira lero ana athu achoka ku Dedza ndi ku Dowa kukamanga nyumba zake zazitali. Usana akwera pamwamba opanda zisoti. Usiku agona m'tizipinda ta lendi ku Chinsapo ndi ku Mgona. Pakutha mwezi, kapitao ati, "Bwerani mawa."

Ena anena kuti munthuyo anavomera yekha. Koma ife tifunsa: kodi wanjala avomera, kapena angogonja? Makolo athu anagwira ntchito yotere paminda ya Azungu, naitcha thangata. Lamulo la ntchito la 2000 lilamula kuti alipidwe panthawi yake. Chifukwa chake ifenso, pomangitsa nyumba, ngakhale ya tchalitchi, tisachedwetse mphotho ya mmisiri.