Chitaka cha M'mtsuko

Padangokhala. Tilitonse.

Ku Thambani, kumene mapiri a Mwanza amayang'anizana ndi a ku Mozambique, kudali amuna awiri obadwa bere limodzi. Onse adali madalaivala a mathiraki pakampani ina ya ku Blantyre, ndipo msewu wawo udali umodzi: kutsikira pa Zalewa, kudinditsa mapepala pachipata cha Mwanza, kutulukira ku Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka ku Harare. Adayenda choncho mpaka imvi zidayamba kusuzumira pansi pa zipewa zawo.

Mu 2011 kudabwera lamulo loti wapantchito aliyense azisungiridwa penshoni: iye azidulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, bwana aziwonjezerapo K10. Wamkulu adang'ung'udza kwambiri. Musamuyese chidakwa, ayi. Mowa sankaulawa, akazi a m'malo ogona alendo sankawayang'ana. Vuto lake lidali loti sankakhulupirira ndalama imene sakuigwira ndi manja.

Wamng'ono adali wamanja olekerera, koma adakwatira bwino. Thiraki ikangoima pamzere wa pachipata, mkazi wake amakhala atafika kale ndi nsima m'kontena. Mwamuna akudya, iye amatambasula dzanja. "Bambo a kunyumba, ya mbande ija." Chaka chilichonse amadzala mitengo ingapo ya manachesi kuseri kwa nyumba. Mbuzi zikaswana, amagulitsa atonde n'kusiya zazikazi. Lachitatu lililonse amakaponya masheya ku banki m'khonde. Alamu ake amaseka n'kumati, "Mlamu, munthu angadye masamba a mtengo?"

Kumayambiriro kwa 2022 onse awiri adapuma pantchito. Gawo lina la penshoni adalandira kamodzi, lina lidatsala loti lizibwera mwezi ndi mwezi. Wamng'ono ndi mkazi wake adakhala pamphasa usiku wonse akugawa yawo. Ina adagula malata ndi simenti n'kumanga zipinda ziwiri zalendi pafupi ndi boda, pomwe anyamata okonza mapepala a katundu amasowa pogona. Ina adagula feteleza wa chaka chimenecho nthawi yomweyo. Ina pang'ono adaisiya ku banki, ya maliro ndi matenda.

Wamkulu adatapa yake ya kamodzi ija yonse. Adaitenga m'mapepala a K5,000 amene adali atangotuluka kumene, onunkhira utsopano. Adaikulunga m'jumbo, jumboyo m'mtsuko, mtsuko adaukwirira pansi pa bedi n'kuzirapo bwinobwino. Abale adabwera ndi mavuto awo, iye n'kumati palibe. Anthu a katapila adamunyengerera, iye adakana. Adati nyumba ya malata adzamanga akadzaganiza bwino, poti kuthamanga si kufika. Loweruka lililonse usiku amatseka chitseko, kufukula mtsuko, kunyowetsa chala ndi malovu n'kuwerenga. Imakwana. Amagona tulo tabwino.

Mu Meyi chaka chomwecho wailesi idalengeza kuti kwacha yatsika mphamvu ndi 25 peresenti. Iye adafukula mtsuko, adawerenga, ndipo idakwana. Mu Novembala 2023 idalengezanso kuti yatsika ndi 44 peresenti. Adawerenganso, idakwananso. "Za m'wailesi izo," adatero. "Yanga ili pompano."

Mvula ya chaka chimenecho idaboola denga lake la udzu, madzi n'kumadonthera pamphasa. Apo m'pamene adati basi, nthawi yomanga yakwana. Adanyamula jumbo ija pamtima, adakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka paboma. M'sitolo ya zomangira adatchula malata, simenti, misomali ndi zitseko, monga adaawerengera tsiku lopuma ntchito lija. Mwini sitolo adadina kakyuleta, adamutembenuzira kuti aone yekha. Ndalama ya nyumba yonse idangokwana malata ndi matumba owerengeka a simenti.

Miyendo idamuzizira. Adabwerera osagula kanthu, ndipo sadafikire kwake, adafikira kwa mfumu.

"Zikomo mfumu. Andibera m'chitaka."

Anthu adasonkhana pabwalo. Mfumu idati jumbo itsegulidwe. Nduna ziwiri zidayala chitenje n'kuwerenga pepala ndi pepala, dzuwa mpaka kupendeka.

"Mudakwirira zingati?" idafunsa mfumu.

Iye adatchula.

"Ndiye zomwezi. Palibe ngakhale limodzi lasowa. Nanga tigwire yani?"

Bwalo lidangoti zii. Wamkulu uja adayang'ana mulu wa mapepala, misozi ili lengelenge. Ine ndimamumvera chisoni munthu ameneyu, chifukwa pa zaka zonse zija sadadyepo ya mwini, ndipo adadzimana ngakhale kanyama ka pa Khirisimasi.

Kenaka gogo wina, amene ankagulitsa mbewu za chimanga pamsika, adakhosomola. "Mwana wanga, ine ndidasungapo mbewu m'chikwatu zaka zitatu. Nditatsegula, maso a chimanga adali onse, osaboola ngakhale anankafumbwe. Nditadzala, sichidamere. Chidafera m'kati ndili kuchilondera."

Madzulo ake mng'ono wake adabwera kudzamutenga. Adadutsa naye m'munda wa manachesi, mitengo ili yoweramira ndi zipatso zosapsa. Sadamunyoze. Adamuuza zoona zokhazokha: kuti penshoni ya pamwezi nayenso siimukwaniranso, kuti chaka china manachesi adachuluka mpaka mavenda a ku Limbe ankagula motaya, kuti mbuzi zinayi zidafa ndi matenda. "Koma achimwene, sizifa zonse tsiku limodzi. Thumba la feteleza likakwera, lendi nayo ndimakweza. Lendi akachedwa nayo, timagulitsa tonde. Nzeru si zanga, ndi za alamu anuwa."

Mlamu uja adatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Alamu, ndalamayo isagonenso m'dothi. Mawa mukagule malata omwe angakwanewo, mufolere chipinda chimodzi. Yotsalayo tiigawe: mbuzi ziwiri zazikazi, ndi masheya Lachitatu. Ndikakuperekezani ndine."

"Nanga mitengo?" adafunsa wamkulu mwamanyazi. "Pamsinkhu wangawu, ndidzadya liti?"

"Yomezanitsa sichedwa. Zaka zitatu kapena zinayi mwayamba kuthyola. Mudadikira mtsuko zaka ziwiri osakupatsani kanthu."

M'mawa kutacha adakumba maenje khumi kuseri kwa nyumba yake, mdzukulu wake akumuthandiza kuthira manyowa. Mtsuko uja adaufukula komaliza, adautsuka, ndipo ndi umene mwanayo ankatungira madzi kumjigo othirira mbande dzuwa likamalowa.

Nthano yathera pamenepa.