KUONA NDI KUSIRIRA

Makolo athu anati mwana wosayenda ayesa kuti amake okha ndiwo adziwa kuphika. Mawu amenewa ndinawakhulupirira kuyambira ubwana wanga, ndipo chifukwa cha iwo ndinatenga ana a Sitandade 8 a pa sukulu yanga, kufupi ndi Mtakataka, kupita nawo ku Lilongwe kukaona mzinda. Koma chimene chinachitika titabwerako chinandisiyira funso, ndipo ndifuna kuti tiliganizire pamodzi, inu owerenga ndi ine. Funso lake ndi ili: kodi n'kwabwino kuonetsa munthu wosauka zinthu zimene sangathe kugula?

Tinanyamuka kusanache. Galimoto inadzera pa Golomoti, nikwera phiri pa msewu wokhotakhota uja wotulukira ku Masasa, ndipo titapitirira Dedza tinalowa mu Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko lathu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba. Tinaona Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010. Pafupi pomwepo tinaona chiliza cha Dr. Kamuzu Banda, chotsegulidwa mu 2006. Tinafikanso ku bwalo la masewera la Bingu, la 2017, mokhala anthu oposa 40,000. Ponseponse ana anali kufunsa mafunso ndi kulemba m'makope mwawo.

Dzuwa litapendeka tinalowa mu Gateway Mall, pa msewu wa ku Mchinji. Kwa inu amene simunafikeko, iyi ndi nyumba imodzi yaikulu imene m'kati mwake muli masitolo ambiri pansi pa denga limodzi: a zakudya, a zovala, a mafoni, a mipando. Magetsi ayaka usana womwe, ndipo chinthu chilichonse chili ndi kapepala ka mtengo wake. M'menemo ana anatseka makope. Mtsikana wina wanzeru anaima nthawi yaitali pa galasi la sitolo ya nsapato. Anayang'ana mtengo, nayang'ana mapazi ake, ndipo sananene kanthu kufikira tinafika kwathu.

Patapita sabata imodzi amake anabwera ku ofesi yanga. Atapereka moni anati, "Aphunzitsi, mwana wanga mwam'tani ku Lilongwe? Ine ndinagulitsa mpunga wanga kuti iye apite nawo. Tsopano angokhala ndwii. Akuti kwathu kuno kulibe kanthu, ndipo nyumba yathu im'chititsa manyazi." Ine ndinasowa choyankha, pakuti mlandu unali wanga. Ndine ndinam'tengera kumeneko.

Tsono tiyeni tiweruze nkhaniyi mosakondera. Alipo ena amene anena kuti kukadakhala bwino mwanayo akadakhala kumudzi, chifukwa chimene diso silinaone mtima sulira nacho. Mawu awo ali ndi choonadi pang'ono. Tidziwa anthu amene anapita ku tauni ali okhutira, nabwerako ndi njala ya mumtima. Ena a iwo anatenga ngongole ya katapila kuti agule foni yofanana ndi ya mnzawo, ndipo pofika nthawi yokolola mpunga wonse unapita kwa mwini ndalama.

Komatu maganizo amenewa ali ndi choipa chachikulu. Mtendere umene udza chifukwa cha kusadziwa uli ngati tulo ta munthu wogona pansi pa denga lofumbwa. Mlimi amene sanaone mtengo wa mpunga mu mzinda avomera mtengo uliwonse umene wogula am'tchulira pakhomo. Munthu amene sanaone Nyumba ya Malamulo ayesa kuti n'njachilendo, osadziwa kuti phungu wokhalamo anam'tuma ndi iye mwini. Kufuna nsapato zolimba, sopo, mankhwala ndi nyumba ya malata si tchimo ayi. Tikabisira ana zinthu zabwino kuti asazifune, ndiye kuti tawaphunzitsa kukonda umphawi.

Chifukwa chake ine ndiyesa kuti ulendo unali wabwino, ndiponso eni masitolo sanalakwe, pakuti ntchito yawo ndiyo kukometsa malonda. Cholakwa changa chinali chakuti ndinapita ndi ana kukaona, koma sindinawaphunzitse kaonedwe kake. Kuona kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina munthu aona chinthu nafunsa kuti, "Bwanji ine ndilibe?" Uku ndiko kusirira, ndipo kubala manyazi ndi nsanje. Kwina munthu aona chinthu nafunsa kuti, "Chachokera kuti, anachipanga ndani, ndipo mtengo wake wakwera chifukwa ninji?" Kuona kotere kum'patsa munthu nzeru, angakhale atuluke m'sitolo manja ali lende.

Taonani chitsanzo. M'sitolo ya zakudya ya m'nyumba ija munali mpunga wa Kilombero m'timatumba tokongola. Mtundu womwewo ndiwo alima amake a mtsikana uja ku sikimu ya Bwanje, kumene madzi a mtsinje wa Namikokwe athirira mahekitala pafupifupi 800. Mtengo wa m'sitolo uposa kutali umene mlimi alandira kuno. Kusiyana kwake kubwera chifukwa cha kupuntha ku chigayo, kusankha, thumba, galimoto yonyamula, lendi ya sitolo, malipiro a antchito, ndi phindu la aliyense amene mpunga wadzera m'manja mwake. Mwana wosirira aona thumba lokongola, nanyoza munda wa amake. Mwana wofunsa aona kuti ntchito zina mwa izi alimi angathe kuzigwira okha atagwirizana, ndipo ndalama yake ikadatsala kuno.

Chimodzimodzinso magetsi. Kuyambira mu 2022 pa Golomoti pali malo opangira magetsi ndi mphamvu ya dzuwa, okwana mamegawati 20, ndipo magetsiwo alowa m'mawaya a dziko lonse. Dzuwa lomwe litiotcha kuno ku chigwa lithandiza kuunikira mizinda. Nanga tinganene bwanji kuti kwathu kulibe kanthu?

Ndipo pali china chondichititsa manyazi ine mwini. Pa Mua, pamene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher anayamba malo a KuNgoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare asungamo mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Alendo achokera ku maiko a kutsidya la nyanja kudzaona zimenezi. Koma nditafunsa ana anga a sukulu, ndinapeza kuti ambiri a iwo sanalowemo n'kamodzi komwe. Ndinawatengera kutali kukaona chuma cha eni ake asanadziwe chawo. Munthu wosadziwa chimene ali nacho, chilichonse cha mnzake chim'gwetsa mphwayi.

Mtsikana uja ndinam'patsa ntchito yowerengera ndalama zonse zimene zilowa pa thumba limodzi la mpunga, kuchokera ku munda kufikira ku sitolo, ndipo anafunsa amake mitengo yake. Sindinganene kuti nsapato zija waziiwala, ndiponso sindifuna kuti aziiwale. Koma tsopano iye ndi amake akamba za mpunga madzulo, ndipo amake anandiuza kuti wayambanso kupita nawo ku munda.

Chaka chamawa ndidzapitanso ndi ana ku Lilongwe, koma tidzayamba taona Mua, Bwanje ndi Golomoti. Nanunso abale anga, tsiku limene mudzalowa m'masitolo a mu mzinda, musadzaweramitse mutu chifukwa cha zovala zanu. Mwaphunzira kuwerenga: werengani mitengo, werengani pa thumba kumene chinthucho chapangidwa, ndipo musanatulutse ndalama dzifunseni ngati munali kuchisowa musanachione.