Musazule pulagi ya eyafulo

Ana anga amene mwayamba umakaniko, tcherani khutu ndikuuzeni za kachipangizo kamene kugalaja timakatcha eyafulo. Kamakhala pa payipi yochoka ku eyakilina kupita ku injini, ndipo ambiri a inu mumangokadutsa osakayang'ana n'komwe.

M'kati mwake muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kawirikawiri ka platinamu, kamene magetsi amakatenthetsa. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa. Ukachuluka, pamafunika magetsi ambiri kuti kawayako kakhalebe kotentha, ndipo magetsi owonjezerawo ndiwo amauza kompyuta ya galimoto kulemera kwa mpweya umene walowa. Kompyutayo imapima petulo molingana: magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Masamu a waya wotentha pamphepo anawalongosola Louis Vessot King ku Montreal mu 1914, nzeru yake ikugwirabe ntchito m'ma Toyota amene mumatsegula tsiku ndi tsiku.

Tsono taganizirani fumbi la mu Okutobala m'misewu yathu yadothi. Eyakilina ikang'ambika, kapena ikakhala yachinyengo, fumbi limakuta kawaya kaja. Kakakutidwa sikamvanso mphepo bwino, kamanena mpweya wochepa, kompyuta n'kuyimana injini mafuta. Galimoto imayamba kutsamwa, pachitunda mphamvu zii.

Chimene chimandiwawa mtima ndi ichi. Mnyamata akaona zotere amazula pulagi, injini n'kulira, iye n'kulandira ndalama. Simunakonze kanthu pamenepo, ana anga. Kompyuta yangoyamba kupima mongoganizira, petulo akupsa wambiri, ndipo wolipira ndi mwini galimoto amene anakukhulupirirani. Ena amafika pozimitsa nyali ya check engine kuti kasitomala asaone. Kumeneko ndi kuba.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lumikizani makina owerengera zolakwika. Akakupatsani P0171, akunena kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, sakunena kuti sensa ya eyafulo yafa. Papasani kaye payipi yonse kuseri kwa sensayo, chifukwa kamng'alu kakang'ono kamalowetsa mpweya wosawerengedwa, ndiye mukapanda kutero mudzamugulitsa munthu sensa yatsopano vuto lili pomwepo. Ngati kawayako n'kakuda, katsukeni ndi mankhwala opopera opangira ntchito imeneyi, mudikire kaume musanabwezeretse. Musakagwire ndi chala, musakapukute ndi thonje, musakauzire ndi kompuresa, kamaduka.

Mukamaliza, mutsegulireni mwini galimoto eyakilina yake aone yekha fumbi, mumuuze aziyisintha nthawi yake.