Kodi kuopa jakisoni wa pamsana ndi kuchepa imani?



Mayi wa kuno ku Chitedze akatumizidwa ku Bwaila, kapena wa ku Namitete akauzidwa ku St Gabriel kuti achira pa opaleshoni, chimene amaopa kwambiri nthawi zina si mpeni ayi, koma jakisoni wa pamsana uja. Ndiye ife timathamangira kunena kuti, "Pirirani, Msilamu saopa." Ine mawu amenewa amandivuta.

Sabr ndi kusamuda Allah pa mayeso. Sikutanthauza kuti thupi lisanjenjemere. Mu Surat Maryam timawerenga kuti ululu wa pobereka unamufikitsa Maryam pa tsinde la mtengo wa tende, mpaka analakalaka akanafa kale. Anadzudzulidwa kodi? Ayi ndithu. Anatonthozedwa, napatsidwa madzi ndi tende. Nanga ife ndife ndani kuti timuyese mlongo wathu wopanda imani? Mtumiki SAW naye anatilimbikitsa kufuna mankhwala.

Komanso mantha ambiri amadza kaamba kosadziwa. Ku fiyeta mayi amakhala pansi kapena kugona chammbali, nkupinda msana. Nthawi zambiri amayamba kubaya kajakisoni kakang'ono koziziritsa khungu, kenako singano yopyapyala imalowa mmunsi mwa msana. Pakangopita mphindi zochepa, miyendo ndi mimba zimachita dzanzi. Mayi amakhala maso, amamva kukokakoka koma osati ululu, ndipo kulira koyamba kwa mwana amakumva yekha. Dzanzilo limatha pakapita maola angapo.

Wina anena kuti ululu umafafaniza machimo, ndiye tiuchepetserenji? Zoona, wopirira ali ndi malipiro ake. Koma malipirowo ndi a iye ndi Mbuye wake, si chilolezo choti ife tiuume mtima. Mantha akakula, mayi amazengereza kupita kuchipatala, ndipo kuchedwako kutha kutitayitsa miyoyo iwiri.

Choncho amuna inu, aperekezeni akazi anu ku sikelo, mukamve limodzi. Alongo, funsani adokotala kuti akuuzeni chilichonse asanachite, ndi ufulu wanu. Popinda msana pumani pang'onopang'ono, zikr ili pakamwa. Magadiyani, nkhani zoopsa za uje ndi uje zisiyeni panja pa geti.

Allah awapepukitsire amayi onse oyembekezera. Ameen.