Chibwibwi cha Mfumu ndi Gwero la Mphamvu ya Mawu

Funso lakuti mphamvu ya mawu a munthu imachokera pa udindo wake kapena kwa amene akumumvetsera ndi lakalekale, ndipo buku la Eksodo limaliutsa posimba za Mose, amene anadandaula za kulemera kwa lilime lake mpaka Mulungu anamupatsa Aroni kuti azimulankhulira. Filimu ya The King's Speech ya mu 2010, yolembedwa ndi David Seidler amene nayenso anali wachibwibwi ali mwana, imabwerera ku funso lomweli kudzera mwa George VI wa ku Britain, yemwe analowa ufumu mu 1936 mkulu wake Edward VIII atautula pansi.

Yankho la filimuyi lagona mu zizindikiro, ndiko kuti zinthu zooneka zimene zimaimira ganizo lobisika. Chachikulu mwa izo ndi maikolofoni, imene pa msonkhano wa ku Wembley mu 1925 kamera imaionetsa pafupi kwambiri ngati chinthu cholusa, ndipo lilime la George VI, amene panthawiyo anali akadali mwana wa mfumu, likakakamira, bata limene limagwa pabwalopo limasanduka chiweruzo cha khamu lonse. Apa pali msemphano, womwe ndi kusiyana kwa zoyembekezeka ndi zochitikadi, pakuti wobadwira kulankhulira mitundu yambirimbiri akulephera kutsiriza chiganizo chimodzi.

Womuthandiza, Lionel Logue wa ku Australia, analibe digiri ya udokotala, koma m'chipinda chake cha makoma osupuka ku Harley Street amaumirira kutchula wodwala wakeyo dzina la kunyumba lakuti Bertie, ndipo ulemu wonyengezera ukachoka, mabala a ubwana amaonekera: kukakamizidwa kulemba ndi dzanja lamanja ali wamanzere, ndiponso nkhanza za mlezi wake. Ku Westminster Abbey, Logue amakhala dala pa mpando wolongera mafumu kuti aputire mkwiyo umene umamasula lilime la mwini mpandowo.

Pampondachimera, pamene nkhani imafika pachimake, ndi uthenga wa pa wailesi wa pa 3 September 1939 wolengeza za nkhondo ndi Germany. Mfumu yaima m'kachipinda kotchingidwa ndi nsalu, Logue ali patsogolo pake akuwongolera mpweya wake ndi manja monga wotsogolera kwaya, nyimbo ya Beethoven ikumveka pansipansi. Chibwibwi sichinathe, koma kupumira kumene kale kunali kochititsa manyazi tsopano kukupatsa mawu kulemera. Aroni analankhula m'malo mwa Mose, pamene Logue akungomvetsera mokhulupirika, ndipo mfumu ikufikira anthu miyandamiyanda chifukwa ikulankhula ndi bwenzi limodzi.

N'zoona kuti olemba anapanikiza nthawi, popeza Bertie ndi Logue anakumana mu 1926, kale kwambiri kuposa mmene filimu imaonetsera, koma pa funso la gwero la mphamvu ya mawu filimuyi inalasa: chisoti chinapatsa George VI udindo wolankhula, koma womumvetsera mopanda chiweruzo ndiye anamutsegula pakamwa.