PHIRI LA PA CISUMBU NDI ZAKA ZOONJEZEDWA

Werengani 2 Mafumu 20.

Kumadzulo kwa dziko la Amerika, m'cigawo ca Washington, kuli cisumbu dzina lace Orcas, ndipo pa cisumbuco pali phiri lochedwa Constitution, la msinkhu wa mapazi pafupifupi 2,400. Wofuna kulikwera ayamba waoloka nyanja yamcere pa ngalawa, kucokera ku dooko la Anacortes. Atatsika, atsata njira yoyambira pa thawale la Cascade, nakwera m'nkhalango ya mitengo yaitali yophimba dzuwa. M'menemo saona kanthu koma matsinde ndi miyala. Miyendo ilema, thukuta licuruka. Koma pofika pamwamba apeza nsanja ya miyala, imene anaimanga m'caka ca 1936 anyamata osowa nchito olembedwa ndi boma. Ali pa nsanjapo aona zisumbu zambiri zitamwazika pamadzi, ndi phiri la Baker loyera mbee ndi cisanu.

Mlendo aliyense wokwera phirilo aponda pa mphatso ya munthu wina. Munthuyo ndiye Robert Moran, mmisiri wopanga zombo, amene anali mkuru wa mudzi wa Seattle pamene moto waukuru unapsereza mudziwo m'caka ca 1889. M'caka ca 1905 asing'anga anamuuza kuti mtima wace wadwala, ndi kuti masiku ace atsala owerengeka. Pamenepo anasiya nchito yace, nakakhala pa cisumbu ca Orcas kudikira imfa. Koma imfa inazengereza: anakhalabe ndi moyo kufikira 1943, zaka 38 citanenedwa mau aja. Ndipo m'caka ca 1921 anapereka kwa boma nkhalango yaikuru ya pa phirilo, kuti ikhale ya anthu onse. Malowo achedwa Moran State Park kufikira lero.

Malembo anena za munthu winanso wopatsidwa zaka zoonjezedwa. Mfumu Hezekiya anadwala nthenda ya kufa nayo, nalira misozi kwa Yehova, ndipo Mulungu anamuonjezera zaka 15. Koma atacira, anafika amithenga a ku Babulo, ndipo iye anawaonetsa siliva, golidi ndi cuma conse ca m'nyumba mwace. Pomwepo mneneri Yesaya anamuuza kuti zonsezo zidzatengedwa kumka ku Babulo. Onse awiri anabwezedwa pakamwa pa manda. Mmodzi anaonetsa cuma cace, mnzace anacigawa.

Funso lomweli lifikira pamudzi uliwonse. Mkazi wopulumuka pa ucembere wobvuta, mwamuna wocira cifuwa cacikuru, nkhalamba yoona dzinja lina pamene anzace onse agona: yense wa iwo walandira ngongole ya masiku. Sayenera kukhala ndi phiri kuti apatse. Ali ndi dzanja la kulimira wamasiye munda, ali ndi nkhokwe ya kutapamo cimanga ca mlendo, ali ndi pakamwa pa kuyanjana ndi mbale amene anakangana naye kale.

Ali m'nkhalango ya matenda ndi mantha, munthu sazindikira cifukwa cace Mulungu wamsunga. Pamwamba pokha ndi pamene njira yonse ioneka, ndipo pamenepo adzafunsidwa cimene anacita ndi masiku aja. Caka catsopanoci ndico caka coonjezedwa kwa yense wowerenga masiku ace m'bukuli. Wanzeru adzacilandira ndi manja awiri, nadzacigwiritsa nchito kusanade.